Mafunso Anu pa Chingerezi: Mitundu ya Mawu ndi Kusintha kwa Maonekedwe Ake

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, yomwe ndi mitundu ya mawu m'Chingerezi komanso mmene mawuwo amasinthira maonekedwe akakhala m'chiganizo. Tasankhapo ochepa, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Akonzi, aphunzitsi athu anatiuza kuti "water" ndi dzina. Koma pa mayeso anatipatsa chiganizo chakuti "They water the flowers every morning", ndipo nditalemba kuti "water" ndi dzina sanandichongere. Kodi liwu limodzi lingakhale bwanji m'mitundu iwiri? Ndine wophunzira wa Fomu 2.

YANKHO: Aphunzitsi anu sanalakwitse pamene anakuuzani kuti liwulo ndi dzina, ndiponso sanalakwitse pamene anakana kukuchongerani. M'Chingerezi mtundu wa liwu sudziwika poliyang'ana lili palokha, koma poona ntchito imene likugwira m'chiganizo chimene lalowamo. M'chiganizo chakuti "The water is cold", liwulo latsogoleredwa ndi "the" ndipo ndilo mwininkhani, choncho ndi dzina. M'chiganizo chimene munapatsidwa pa mayeso, liwulo labwera pambuyo pa "they", likunena zimene anthuwo amachita, ndipo mutafuna kunena za dzulo mukhoza kulisintha kukhala "watered". Chimene chimasintha potsata nthawi chotero ndi mneni. Zili ngati munthu mmodzi yemweyo amene kunyumba ndi kholo, kuntchito ndi dalaivala, pomwe kuchipatala ndi wodwala: nkhope ndi yomweyo, koma udindo ukutsata malo amene waima.

Chimene chimatisokoneza ife olankhula Chichewa n'chakuti m'chiyankhulo chathu mawu ambiri amadziulula okha. Tikaona "phunzira", "mphunzitsi", "phunziro" ndi "wophunzira" timadziwa mtundu wa liwu lililonse ngakhale lisanalowe m'chiganizo, chifukwa aphatikiri ake akuonekera. Liwu lakuti "madzi" silingasanduke mneni lili chomwecho, n'chifukwa chake timanena kuti "amathirira maluwa". Chingerezi chilibe malire oterewa. Mawu monga "book", "hand", "phone", "work", "rain" ndi "answer" amakhala mayina kapena aneni osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Liwu lakuti "round" ndiye limachita kunyanya, pakuti ndi mfotokozi mu "The table is round", ndi dzina mu "He won the first round", ndi mneni mu "The cars round the bend slowly", ndi muonjezi mu "She turned round", ndipo ndi mperekezi mu "They sat round the fire".

Sikuti Chingerezi chinali chotere chiyambire. Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England chisanafike chaka cha 1100, chinali ndi aphatikiri ambiri a kumapeto kwa mawu, omwe ankaonetsa ngati dzina ndi mwininkhani kapena pamtherankhani. Aphatikiriwo anafota pang'onopang'ono m'zaka mazana angapo zotsatira, m'nyengo imene chiyankhulocho chinali chitasakanikirana ndi cha anthu ochokera ku Scandinavia komanso Chifalansa cha Anormani amene analanda dzikolo mu 1066. Atafota, ntchito yawo inatsalira dongosolo la mawu, moti "The dog bit the man" ndi "The man bit the dog" ali ndi mawu ofanana ndendende koma nkhani zake ndi zosiyana kutalitali.

Pa mayeso otsatira, musanalembe yankho, liyeseni liwulo m'njira ziwiri kapena zitatu. Ngati pamalo pomwe lili likulola "the", "a" kapena "my" patsogolo pake, kapena likulola kuchulukitsidwa, ndi dzina. Ngati likusintha mukasintha nthawi ya chiganizo, ndi mneni. Ngati likukwana pa mpata wa mu "a very ... thing" kapena "It seems ...", kawirikawiri limakhala mfotokozi. Nthawi zina khutu nalo limathandiza, chifukwa mawu monga "record", "present", "object" ndi "import" amatsindikidwa pa phatikizo loyamba akakhala mayina, koma pa phatikizo lachiwiri akakhala aneni.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Sitandade 7. Buku lina likuti mitundu ya mawu m'Chingerezi ilipo 8, pomwe lina likuti ilipo 9. Kodi ana ndiwaphunzitse ziti?

YANKHO: Aphunzitsi, mabuku onse awiriwo ali ndi pogwira, ndipo kusiyana kwawo kuli ndi mbiri yaitali. Chiwerengero cha 8 sichinachokere m'Chingerezi ayi. Chinachokera ku galamala ya Chigiriki imene anthu amati inalembedwa ndi Dionysius Thrax, yemwe anakhalako zaka pafupifupi 100 Yesu asanabadwe. Akatswiri a Chilatini, monga Donatus wa m'zaka za m'ma 300, anatengera mndandandawo, koma poti Chilatini chilibe mawu ofanana ndi "a" ndi "the", anachotsa gulu limenelo n'kuikapo mfuwu, ndipo chiwerengero chinakhalabe 8. Pamene anthu anayamba kulemba malamulo a Chingerezi, kuyambira ndi William Bullokar mu 1586, anatsata ndondomeko ya Chilatini yomweyo. Mwina mungadabwe kumva kuti pa mindandanda yakaleyo mfotokozi sankaima payekha koma ankawerengedwa ngati mtundu wa dzina.

Mndandanda umene wazolowereka m'sukulu masiku ano ndi wa dzina, mlowam'malo, mneni, mfotokozi, muonjezi, mperekezi, mlumikizi ndi mfuwu. Amene amawerenga mitundu 9 amapatula timawu monga "a", "an", "the", "this", "my", "some" ndi "every" n'kutiika m'gulu lakelake lotchedwa "determiners", m'malo motiphatikiza ndi afotokozi. Ineyo ndimaona kuti opatulawo ali ndi mfundo yamphamvu, chifukwa timawuti sitichita zimene afotokozi amachita. Tikhoza kunena kuti "very tall" kapena "taller", koma sitinganene kuti "very the". Tikhozanso kundandalika afotokozi angapo, monga mu "a big old black car", koma sitinganene kuti "the my car". Ngakhale zili choncho, ana anu akakumana ndi mayeso otsata silabasi, choncho aphunzitseni chiwerengero chimene chili m'buku lovomerezeka la kalasi yawo, ndipo muwauze kuti akadzaona china m'tsogolo asadzaganize kuti munawanamiza.

Chimene ndingakupempheni kuti musamale nacho kwambiri si chiwerengero koma matanthauzo ofupikitsidwa aja amene ana amaloweza. Mwana akagwira kuti mneni ndi liwu loonetsa ntchito basi, adzavutika ndi "is", "seem", "know" ndi "belong", omwe ndi aneni koma saonetsa kuti wina akugwira ntchito iliyonse, ndipo adzanena kuti "arrival" ndi "destruction" ndi aneni pomwe ali mayina. Tanthauzo lalifupi ndi loyambira chabe, ndipo liziyendera limodzi ndi kuyesa mawu m'ziganizo.

FUNSO: Mwana wanga amalemba "childs", "foots" ndi "goed". Ndikamukonza amandifunsa chifukwa chake, ndipo ine ndimasowa chomuyankha. Kodi pali lamulo, kapena Angerezi anangosokoneza dala? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, choyamba musade nkhawa ndi mwanayo, pakuti kulakwitsa kwa mtundu umenewu kukuonetsa kuti lamulo waligwira ndipo akulifikitsa ngakhale pamene silifika. Ana obadwira m'mabanja olankhula Chingerezi nawonso amadutsa momwemo. Lamulo lalikulu ndi losavuta: dzina limachulukitsidwa ndi "-s" kapena "-es", ndipo mneni amaonetsa nthawi yakale ndi "-ed". Mneni wotsata lamuloli amakhala ndi maonekedwe anayi okha, monga "walk", "walks", "walked" ndi "walking". Poyerekeza ndi mneni wa Chichewa, amene liwu limodzi monga "sindidzakuphikiraninso" limanyamula kukana, mwininkhani, nthawi, pamtherankhani, msintho ndi ulemu, mneni wa Chingerezi ndi wosauka kwambiri.

Mawu amene satsata lamulo si chisokonezo, koma ndi zotsalira za malamulo akale omwe anatha mphamvu. Kale Chingerezi chinali ndi njira zingapo zochulukitsira mayina. Ina inali yowonjezera "-en", ndipo yatsala mu "oxen" ndi "children". Liwu lachiwirili linachita kuchulukitsidwa kawiri, chifukwa "r" ali m'katimo anali kale chizindikiro cha zambiri, kenaka anthu anadzawonjezeranso "-en". Mawu monga "foot" ndi "feet", "tooth" ndi "teeth", "mouse" ndi "mice", "man" ndi "men" anachokera kwina. Kalekale ponena zambiri ankaika kumapeto mphatikiri wokhala ndi liwu la "i", lomwe linakoka lembo la liwu la m'kati mwa tsinde kuti lisinthe katchulidwe, ndipo mphatikiriyo atagwa, kusintha kwa m'katiko ndi kumene kunatsala. Palinso ena osasintha konse, monga "sheep" ndi "deer", ndi ena obwereka amene anabwera ndi kachulukitsidwe ka kwawo, monga "criterion" ndi "criteria" kapena "phenomenon" ndi "phenomena" ochokera ku Chigiriki.

Aneni osatsata lamulo alipo pafupifupi 200, ndipo tsoka lake n'lakuti ndi omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri tsiku ndi tsiku. Ndipotu kugwiritsidwa ntchito pafupipafupiko ndi kumene kunawateteza, chifukwa liwu lomveka kambirimbiri pa tsiku siliiwalika maonekedwe ake, pomwe losowa limagonjera lamulo lalikulu. Aneni onse atsopano amatsata "-ed", n'chifukwa chake timamva "emailed" ndi "texted". Nkhani ya "went" ndi yapadera: liwuli poyamba linali nthawi yakale ya mneni wina, "wend", ndipo "go" anangolilanda. Mneni "be" ndiye amaposa onse, pakuti ali ndi maonekedwe 8, omwe ndi "be", "am", "is", "are", "was", "were", "being" ndi "been".

Pomuthandiza mwanayo, musamulowezetse mndandanda wotsata alifabeti, chifukwa umatopetsa ndipo suonetsa ubale wa mawu. Ndi bwino kuwaika m'mabanja. Banja lina ndi la aneni osasintha, monga "put", "cut", "shut" ndi "hit". Lina ndi la "sing, sang, sung", momwe mulinso "ring", "drink", "swim" ndi "begin". Lina ndi la "bought", "brought", "thought", "taught" ndi "caught". Mumuchenjezenso pa zinthu ziwiri zimene zimagwetsa ngakhale akuluakulu. Choyamba, "did" akalowa m'chiganizo amakhala atanyamula kale nthawi, choncho mneni wotsatira amakhala tsinde lokha, osaonetsanso nthawi yakale: timati "Did you go?" osati "Did you went?". Chachiwiri, "-s" wa pa dzina ndi "-s" wa pa mneni amagwira ntchito zotsutsana. Ife tinazolowera kuti mgwirizanitsi afanane ndi dzina lake, monga mu "zinthu zikugwa", ndiye dzanja limafuna kulemba "The boys runs". Koma m'Chingerezi "-s" wa pa mneni amaonetsa kuti wochitayo ndi mmodzi, choncho timati "The boy runs" ndi "The boys run".

FUNSO: Kodi n'zoona kuti liwu lililonse lothera ndi "-ly" ndi muonjezi? Ndine wophunzira wa Fomu 4.

YANKHO: Si zoona, ngakhale kuti ambiri otero alidi aonjezi. Muziona chimene "-ly" waphatikizidwako. Akaphatikizidwa ku mfotokozi kawirikawiri amapanga muonjezi, monga "quick" kukhala "quickly". Akaphatikizidwa ku dzina kawirikawiri amapanga mfotokozi, monga "friend" kukhala "friendly", ndipo n'chimodzimodzi ndi "lovely", "costly" ndi "cowardly". N'chifukwa chake "She spoke friendly" si Chingerezi cholongosoka, ndipo oyenera kunena ndi "She spoke in a friendly way". Palinso mayina monga "family" ndi aneni monga "apply" ndi "rely", omwe malembo awiriwo ndi mbali chabe ya tsinde.

Mbali inayo, aonjezi ambiri alibe "-ly", monga "soon", "often", "very", "well" ndi "fast", ndipo liwu lakuti "fastly" mulisiye ndithu. Msampha woopsa uli pa mawu amene ali ndi maonekedwe onse awiri koma matanthauzo osiyana. "He works hard" akutanthauza kuti munthuyo amalimbikira ntchito, pomwe "He hardly works" akutanthauza kuti sagwira ntchito kwenikweni. Munthu wolemba kalata yoyamikira mnzake kuti akapeze ntchito akasokoneza awiriwa, amamuphera mwayi akuganiza kuti akumukometsera. Momwemonso "late" ndi mochedwa pomwe "lately" ndi posachedwapa, ndipo "near" ndi pafupi pomwe "nearly" ndi kutsala pang'ono.

FUNSO: Tsiku lina ndinauza anzanga kuti "I am boring" ndipo anandiseka. Ndinalakwitsa pati? Komanso mawu othera ndi "-ing" ndi a mtundu wanji?

YANKHO: Munafuna kunena kuti mwatopa ndi kukhala kopanda chochita, koma chimene munanena n'chakuti inuyo ndinu munthu wotopetsa ena. Afotokozi ochokera kwa aneni a mmene munthu akumvera amayenda awiriawiri. Wothera ndi "-ing" amafotokoza chinthu chimene chikuyambitsa, ndipo wothera ndi "-ed" amafotokoza amene zikumuchitikira. Chichewa chimasiyanitsa bwino lomwe zimenezi: "chotopetsa" ndi "wotopa", "chodabwitsa" ndi "wodabwa", "chosokoneza" ndi "wosokonezeka". Choncho phunziro likhoza kukhala "boring", "interesting" kapena "confusing", koma wophunzirayo amakhala "bored", "interested" kapena "confused".

Funso lanu lachiwiri likutibwezera ku ntchito ya liwu m'chiganizo, chifukwa "-ing" amapezeka m'malo atatu. Mu "She is teaching" ndi mbali ya mneni, ndipo amafuna mneni wothandizira patsogolo pake, moti "She teaching" si chiganizo chathunthu. Mu "a teaching job" akufotokoza dzina lotsatira. Mu "Teaching is tiring" akugwira ntchito ya dzina, mofanana ndi mmene ife timagwiritsira ntchito "ku-" ponena kuti "Kuphunzitsa n'kotopetsa". Kufanana kumeneku kumathandiza, koma kuli ndi malire ake, popeza "ku-" wathu amayankha zinthu ziwiri za m'Chingerezi, "to teach" ndi "teaching", ndipo kusankha pakati pa ziwirizi kumadalira liwu lotsogola. Aneni "enjoy", "avoid", "finish" ndi "mind" amafuna "-ing", pomwe "want", "decide", "hope" ndi "refuse" amafuna "to". Pambuyo pa mperekezi, mneni amatenga "-ing" nthawi zonse. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa polemba makalata, chifukwa "to" wa mu "look forward to" ndi mperekezi, choncho zolondola ndi "I look forward to hearing from you", osati "to hear".

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya ulembi mu ofesi. Abwana anga anafufuta "s" pa "informations", "equipments" ndi "advices" m'lipoti limene ndinalemba, chonsecho zinthu zimene ndinkanena zinali zambiri. Kodi anachita bwino?

YANKHO: Anachita bwino, ndipo vutoli si lanu nokha. Chingerezi chimagawa mayina pawiri, owerengeka ndi osawerengeka, ndipo kagawidweko sikatsata nzeru za kuwerenga zinthu zenizeni nthawi zonse. Mipando ndi matebulo tikhoza kuziwerenga, koma "furniture" ndi dzina losawerengeka. M'gulu lomweli muli "information", "equipment", "advice", "luggage", "evidence", "stationery" ndi "homework". Mayina otere salola "-s", salola "a" kapena "an", amayenda ndi "much" m'malo mwa "many", ndipo amatenga mneni wa chinthu chimodzi. Mukafuna kuwerenga mumabwereka liwu lina, monga mu "a piece of advice" kapena "three items of equipment". Liwu lakuti "news" limanyenga chifukwa limathera ndi "s", koma nalonso timati "The news is good". Ife timachulukitsa "langizo" kukhala "malangizo" popanda vuto, ndipo ndi chizolowezi chimenechi chimene chimatsogolera dzanja polemba.

Mayina ena amakhala mbali zonse ziwiri ndipo tanthauzo limasintha. "Paper" ndi pepala ngati chipangizo, koma "a paper" ikhoza kukhala nyuzipepala kapena nkhani yolembedwa. "Experience" ndi luso lobwera ndi zaka za pa ntchito, pomwe "experiences" ndi zimene munthu wakumana nazo. Dikishonale yabwino ya ophunzira imaika chizindikiro cha C (lowerengeka) kapena U (losawerengeka) pa mayina, ndipo kwa munthu wa ntchito ngati yanu chizindikiro chimenecho n'chofunika kuposa tanthauzo limene mukulidziwa kale. Poti mwatchula "advice", kumbukiraninso kuti dzina limalembedwa ndi "c" pomwe mneni amalembedwa ndi "s", kukhala "advise". M'kalembedwe ka ku Britain zilinso chomwecho ndi "practice" ndi "practise" komanso "licence" ndi "license", koma ku America amalemba "practice" ndi "license" pa dzina ndi pa mneni pomwe, choncho kompyuta yanu ikadula mzere pansi pa liwu muyambe mwaona kuti yatcheredwa pa Chingerezi cha dziko liti.

FUNSO: Ndi liti pamene ndiyenera kulemba "its" ndipo ndi liti pamene ndiyenera kulemba "it's"? Ndine wophunzira wa ku koleji.

YANKHO: "It's" ndi chidule cha "it is" kapena "it has", pomwe "its" amaonetsa umwini, monga mu "The company changed its name". Chisokonezo chimabwera chifukwa mayina amaonetsa umwini ndi kachizindikiro ka m'mwamba kaja, monga mu "the girl's book", ndiye munthu amaganiza kuti mlowam'malo nayenso atero. Koma alowam'malo a umwini, omwe ndi "his", "hers", "ours", "yours", "theirs" ndi "its", salandira kachizindikiroko. Mukakayika, werengani chiganizo chanu mutaika "it is" kapena "it has" pamalopo. Chikamveka bwino lembani "it's", chikapanda kumveka lembani "its". Njira yomweyi imagwiranso ntchito posiyanitsa "who's" ndi "whose", "you're" ndi "your", komanso "they're" ndi "their".